Opaleshoni yochotsa khungu lolendewera m'mikono: kodi chipsera chake n'chopiririka?

Nasibeko analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndakhala ndikuwerenga zimene anthu amakambirana pano kwa nthawi yaitali popanda kulembapo kanthu, koma lero ndaganiza zoti ndifunse nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa miyezi ingapo, poti mwina alipo ena amene anadutsamo kale.

Ndine mayi wa zaka 44. Zaka zitatu zapitazo ndinkalemera makilogalamu 118, ndipo dokotala atandichenjeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri komanso shuga wayamba kukwera, ndinasintha kadyedwe n'kuyamba kuyenda ndawala m'mawa uliwonse. Panopa ndikulemera makilogalamu 79, ndipo sikelo yakhala ikuloza pomwepo kwa miyezi 7 tsopano. Thanzi langa labwerera ndipo pamenepo sindikudandaula, koma kuondako kwandisiyira vuto limene sindinaliganizire. Khungu la kumtunda kwa mikono yanga, kuchokera m'khwapa kufika pachigongono, linatsala lopanda kanthu mkati ndipo likungolendewera. Ndine mphunzitsi, choncho tsiku lonse mkono umakhala m'mwamba polemba pa bolodi. Dzanja likasiya kulemba, khungu limapitiriza kugwedera lokha, ndipo ndimachita kumva kuti maso a ana ali pomwepo ngakhale kuti palibe amene ananenapo kanthu. Kunja kukatentha, thukuta limasonkhana pamene khungu lapindikira pafupi ndi kukhwapa, n'kumasupuka ndi kuyabwa. Pogula malaya ndimasankha aakulu kuti mikono ikwane, pomwe pachifuwa ndi m'chiuno akukhwepa.

Ndinamva kuti pali opaleshoni yotchedwa brachioplasty, imene madokotala amadula khungu lotsalalo n'kusoka mkono kuti uoneke bwino. Ndisanapite kukaonana ndi dokotala wa maopaleshoni otere, ndikufuna kumva kaye kuchokera kwa anthu amene alibe chondigulitsa. Kodi masewera onyamula zitsulo sangabweze khunguli m'malo mwake nditati ndalimbikira chaka china? Nanga kungopopa mafuta, kumene amati liposuction, sikungakwanire, poti ndamva kuti sikusiya chipsera chachikulu?

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi chipseracho. Ndili mtsikana ndinaboola makutu kachiwiri, ndipo pakhutu lakumanzere panamera chotupa cholimba ngati kamwala chimene chilipobe mpaka lero. Kuchipatala anandiuza kuti ndi keloid. Ngati kabowo ka ndolo kanachita zimenezo, nanga bala lotalika ngati mkono wonse lidzatani? Amene munachitidwapo opaleshoniyi, chonde ndiuzeni zoona zake, zabwino ndi zoipa zomwe.

Nangozo anayankha:

Mayi Nasibeko, ine ndinachitidwa opaleshoni imeneyi zaka ziwiri ndi miyezi inayi yapitayo, nditaonda ndi makilogalamu 45, choncho ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga osati zomva.

Choyamba chimene dokotala wanga anachita ndi kundiimika, kunditambasulitsa mikono ngati mtanda, n'kutsina khungu lolendeweralo pakati pa zala zake. Anandifotokozera kuti akatsina n'kumva chinthu chochindikala ndiye kuti muli mafuta ambiri, koma zala zikatsala pang'ono kukumana ndiye kuti latsala ndi khungu lokha. Kwa ine zala zinangotsala pang'ono kukhudzana. Pamenepo anandiuza mosapita m'mbali kuti liposuction yokha ingangowonjezera vuto, chifukwa imachotsa mafuta ochepa amene akuligwirizira khungulo, ndipo khungu limene linasiya kale kudzikoka lokha limalendewera kuposa poyamba. Kupopa mafuta kumathandiza munthu amene mikono yake ndi yonenepa koma khungu likadali lolimba, makamaka wachinyamata. Mwa zimene mwafotokozazi, sindikuona kuti muli m'gulu limenelo, ngakhale kuti woyenera kunena ndi dokotala amene adzakugwireni mkonowo.

Tsiku la opaleshoni anandijambula mizere ndi cholembera ndili chiimire, chifukwa munthu ukagona khungu limagwera mbali ina ndipo muyeso umasokonekera. Anandigonetsa tulo ndi mankhwala, ndipo ntchito yonse inatenga maola awiri ndi theka. Nditatsitsimuka ndinapeza mikono yonse iwiri itakulungidwa mabandeji kuchokera pamwamba pa dzanja mpaka paphewa, ndipo m'khwapa monse munali kachubu kotulutsa madzi osakanikirana ndi magazi, kolumikizidwa ku kabotolo kofewa kamene anakamangirira ku chovala changa. Timachubuto anatichotsa patapita masiku anayi. Ululu sunali woopsa ngati mmene ndinkaganizira. Unali ngati kukokeka ndi kutentha, ndipo mankhwala wamba opha ululu ankakwanira pofika tsiku lachitatu.

Chimene palibe anandikonzekeretsa mokwanira ndi kusowa chochita kwa munthu amene mikono yake yonse iwiri yasokedwa nthawi imodzi. Kwa masiku khumi oyambirira sindinkatha kupesa tsitsi, kuvala chovala cholowetsa kumutu, ngakhale kutenga kapu pa shelefu ya pamwamba, chifukwa anandiletsa kukweza zigongono kupitirira mapewa. Podzuka pabedi tinazolowera kuyedzamira mikono, ndipo umazindikira zimenezi pokhapokha tsiku limene sungathe kutero. Ndinkagona chagada, mkono uliwonse uli pa pilo wakewake kuti kutupa kuchepe, koma zala zinatupabe mpaka mphete ndinaivalanso patatha mwezi. Ngati mulibe munthu woti akhale nanu sabata yoyamba, musayerekeze n'komwe kusungitsa tsiku la opaleshoni. Ine ndinabwerera kuntchito ya mu ofesi patatha masabata awiri, koma inu amene mumalemba pa bolodi mungafunike nthawi yotalikirapo, ndipo zingakhale bwino kuti muyang'ane tchuthi chachitali. Chovala chothina cha m'mikono ndinachivala usana ndi usiku kwa masabata asanu ndi umodzi, ndipo nthawi yonseyo sindinanyamule chilichonse cholemera.

Vuto linandigwera m'sabata yachitatu. Pamene bala limakhotera m'khwapa lakumanja panatseguka pang'ono, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, n'kumatuluka madzi achikasu. Ndinachita mantha kwambiri poganiza kuti ulusi wonse umasuka. Dokotala atayang'ana anandiuza kuti malo amenewo ndi amene amatseguka kawirikawiri, chifukwa pali thukuta, pamayenda nthawi zonse, komanso ndi pamene khungu limakokeka mbali zingapo. Sanasokenso; ndinkangotsuka ndi kusintha bandeji tsiku lililonse, ndipo panatenga masabata asanu kuti patsekeke. Pamalo pamenepo chipsera n'chotambalala kuposa pena ponse mpaka lero.

Tsopano za chipseracho. Musalole kuti wina akunamizeni kuti chimatha. Changa chimayambira m'khwapa n'kutsika mkati mwa mkono mpaka pafupi ndi chigongono, ndipo n'chotalika masentimita pafupifupi 25 mbali iliyonse. M'miyezi itatu yoyamba chinali kamzere kowonda ndipo ndinkasangalala, koma kuyambira mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chitatu chinada kwambiri, chinatukuka, ndipo chinkayabwa moti usiku ndinkadzuka. Nthawi imeneyo ndinanong'oneza bondo ndithu, ndipo ndinkavala malaya a manja aatali kuposa mmene ndinkachitira ndisanachitidwe opaleshoni. Chinayamba kuphwa chaka chitatha, ndipo panopa n'chosalala, koma chikadali chakuda kuposa khungu lozungulira. Mikono ikakhala pansi sichioneka, koma ndikaikweza aliyense amene ali patsogolo panga amachiona. Palinso malo ena mkati mwa mkono wakumanzere, kumunsi kwa chigongono, amene anachita dzanzi ndipo sanabwereremo bwinobwino. Ndikakhudza ndimamva ngati ndakhudza pamwamba pa nsalu.

Mukandifunsa ngati ndingachitenso, ndiyankha kuti inde, chifukwa kwa ine kulemera ndi kusupuka kwa khungu lija kunali kovuta kuposa mzerewu. Koma ine sindinakhalepo ndi keloid, ndipo pa mfundo imeneyo sindikufuna kukulimbikitsani pa chinthu chimene thupi langa silinandionetse.

Bambo Mwale anayankha:

Ine ndiyankha funso lanu loyamba lokha, poti ndakhala ndikuphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi kwa zaka zambiri, ndipo funso limeneli ndimalimva kawirikawiri. Mnofu wa kumbuyo kwa mkono, umene timati triceps, umakula ndithu munthu akaulimbikira, ndipo ukakula umadzaza pang'ono malo amene mafuta anasiya. Koma khungu si mnofu, ndipo palibe chitsulo chimene chingalifupikitse. Khungu limadzikoka chifukwa cha timaulusi ta mkati mwake totchedwa collagen ndi elastin, ndipo timaulusi timeneti tikatamuka kwa zaka zambiri chifukwa cha kunenepa, kuwonjezera pa kukula kwa msinkhu, timakhala ngati lamba wa lasitiki amene anatha mphamvu. Ndaonapo amayi olimbikira kwambiri, a minofu yooneka bwino pamwamba pa mkono, koma khungu likulendewerabe kunsi kwake.

Ngakhale zili choncho, ndingakupempheni kuti musafulumire. Miyezi 7 ndi yochepa, ndipo khungu limapitiriza kubwerera pang'onopang'ono kwa chaka kapena kupitirirapo munthu atasiya kuonda. Mwatchula kuyenda ndawala kokha, zimene zikundipatsa maganizo akuti mikono yanu simunaigwiritsepo ntchito yolemetsa. Yesani kunyamula zitsulo kawiri kapena katatu pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mudzijambule chithunzi mwezi uliwonse mutaima malo amodzimodzi, mikono itatambasulidwa. Khungu silidzatha, koma mudzadziwa kuti chimene chatsalacho n'chochuluka bwanji, ndipo mudzapita kwa dokotala muli ndi thupi lamphamvu, zimene zimathandizanso pochira.

Nabanda anayankha:

Mayi Nasibeko, ndine namwino ndipo ndagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha opaleshoni komanso kuwodi kumene odwala amachirira. Zimene alemba Mayi Nangozo n'zoona, ndipo vuto limene anakumana nalo m'khwapa ndaliona kangapo. Ndikufuna kuwonjezerapo za nkhawa yanu yaikulu ija, kenako ndinenepo zina zimene anthu amaiwala kufunsa.

Pali mitundu iwiri ya zipsera zotukuka imene anthu amaisokoneza. Mtundu woyamba, umene madokotala amati hypertrophic scar, umatukuka ndi kuyabwa koma supitirira malire a bala lenilenilo, ndipo nthawi zambiri umaphwa wokha pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Zimene afotokoza Mayi Nangozo zikufanana ndi mtundu umenewu, ndipo ndi wofala pa opaleshoni ya mikono chifukwa khungu la mkati mwa mkono ndi lopyapyala, limasokedwa lili lokokeka, komanso mkono sukhala phee. Keloid ndi wosiyana: amakula kupitirira malire a bala n'kulowerera pakhungu labwinobwino, saphwa yekha, ndipo akangodulidwa popanda chithandizo china kawirikawiri amameranso, nthawi zina mokulirapo. Amapezeka kwambiri mwa anthu a khungu lakuda, amayenda m'magazi a pabanja, ndipo malo amene amakonda kumera ndi m'makutu, pachifuwa, m'mapewa ndi kumtunda kwa msana.

Kukhala ndi keloid pakhutu sikutanthauza kuti bala lililonse la m'thupi mwanu lidzachita chimodzimodzi, koma ndi chenjezo limene dokotala wanzeru sangalinyalanyaze. Musanapite kukaonana naye, dziyang'aneni thupi lonse. Onani chipsera cha katemera chimene ambiri tili nacho kumtunda kwa mkono, chipsera cha opaleshoni ya uchembere ngati munachitidwapo, ndi malo aliwonse amene munapsapo kapena kutemeka. Ngati zonsezo zinapola mosalala, ndi uthenga wolimbikitsa. Ngati ziwiri kapena zitatu zinatukuka n'kupitirira malire, pali madokotala ambiri amene angakulangizeni kuti opaleshoniyi muisiye. Mufunsenso achibale anu ngati alipo ena amene ali ndi vuto lomweli. Njira zochepetsera chiopsezo zilipo, monga kumata mapepala ofewa ngati labala otchedwa silicone pachipsera kwa maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi ingapo bala likangopola, kubaya jekeseni wa mankhwala ochepetsa kutupa (steroid) wotchedwa triamcinolone m'chipsera chikayamba kutukuka, ndi kuteteza malowo ku dzuwa. Zimenezi zimachepetsa chabe, ndipo dokotala amene angakulonjezeni kuti keloid sadzabwera ndi woti mumukayikire.

Opaleshoniyi si yatsopano. Madokotala a ku Argentina, Correa-Iturraspe ndi Fernández, anaifotokoza m'chaka cha 1954, koma inafala kwambiri pamene maopaleshoni ochepetsa chifu anachulukitsa anthu oonda kwambiri m'nthawi yochepa. Bungwe la madokotala a maopaleshoni okonza thupi la American Society of Plastic Surgeons linalengeza kuti m'dziko la United States amayi amene anachitidwa opaleshoniyi anali ongopitirira 300 m'chaka cha 2000, koma anapitirira 15,000 m'chaka cha 2012. Ndatchula zimenezi kuti mudziwe kuti madokotala aiphunzira mokwanira, ndipo ngakhale zili choncho palibe amene wapeza njira yochotsera khungu lambiri popanda kusiya mzere wautali.

Kadulidwe kake kamasiyana malinga ndi kuchuluka kwa khungu. Pali njira ya chipsera chachifupi chimene chimabisika m'khwapa, ndipo anthu ambiri amaikonda akangoimva, koma imathandiza okhawo amene khungu lawo lalendewera pang'ono pafupi ndi kukhwapa. Munthu amene khungu lake likufika pachigongono akaumirira njira imeneyi amatsala ndi vuto lomwelo kumunsi, n'kuwonjezerapo makwinya m'khwapa. Njira yodziwika kwambiri ndi ya mzere wochokera m'khwapa kufika pachigongono, ndipo kwa amene khungu lalendeweranso m'mbali mwa chifuwa, mzerewo umapitirira kutsikira m'nthiti. Mufunsenso kuti mzerewo adzauika pati. Ukakhala mkatikati mwa mkono umabisika mikono ikakhala pansi koma umaonekera kutsogolo mukaikweza. Ukakhala chakumbuyo inuyo simuuona pagalasi, koma amene ali kumbuyo kwanu amauona. Kwa mphunzitsi amene amafulatira kalasi mkono uli m'mwamba, funso limeneli si laling'ono, ndipo ndi bwino kuti dokotala akujambuleni mzerewo ndi cholembera kuti mukauone kunyumba musanavomere.

Dzanzi limene atchula Mayi Nangozo limabwera chifukwa pali mtsempha wa minyewa umene umadutsa pansi pa khungu la mkati mwa mkono, pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi, ndipo ndi umene umachititsa kuti khungu la mkati mwa mkono kumunsi kwa chigongono lizimva kukhudza. Ukakokeka, dzanzi limatha pakapita miyezi. Ukaduka, likhoza kukhalirira. Mavuto ena amene timawaona ndi madzi osonkhana pansi pa khungu, amene amati seroma ndipo amachita kupopedwa ndi jekeseni, magazi oundana m'bala, bala kulowa tizilombo, ndi mikono iwiri kusafanana ndendende. M'khwapa mulinso anabere ndi timitsempha timene timachotsa madzi m'mkono, ndipo zimenezi zikasokonezeka dzanja likhoza kutupa kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake mayi amene anachotsedwapo anabere a m'khwapa chifukwa cha khansa ya m'mawere kawirikawiri salangizidwa kuchita opaleshoniyi mbali imeneyo. Choopsa kwambiri, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kuthamangira kumapapo; mwendo ukatupa ndi kupweteka mbali imodzi, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, n'kofunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Poti mwatchula shuga, dziwani kuti shuga wokwera amachedwetsa bala kupola ndipo amaitana tizilombo, choncho adzafuna kukuyezani HbA1c, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Adzayezanso kuchuluka kwa magazi, chifukwa anthu amene aonda kwambiri nthawi zina amapezeka ndi magazi ochepa komanso zomanga thupi zosakwanira. Amene amasuta amauzidwa kusiya kwa masabata osachepera anayi opaleshoni isanachitike ndiponso itachitika, popeza nikotini amafinya timitsempha ta magazi ndipo m'mphepete mwa bala mukhoza kufa. Mudzamuuze dokotala mankhwala onse amene mumamwa, kuphatikizapo aspirin, ibuprofen, mapiritsi olera ndi mankhwala azitsamba, chifukwa ena amachititsa kuti magazi asamaundane msanga ndipo ena amachita zosiyana ndi zimenezo. Ndikugwirizananso ndi Bambo Mwale pa za kudikira: madokotala ambiri amafuna kuti sikelo ikhale itaima kwa miyezi 6 mpaka 12, chifukwa mukadzaondanso khungu lidzalendeweranso, ndipo mukadzanenepanso chipsera chidzatambasuka.

Posankha dokotala, funsani ngati anaphunzira ukatswiri wa maopaleshoni okonza thupi ndiponso ngati ali m'kaundula wa bungwe loyang'anira madokotala, funsani amene adzakugonetseni tulo ndi maphunziro ake, ndipo mupemphe zithunzi za odwala a khungu lofanana ndi lanu zojambulidwa patatha chaka, mikono ili m'mwamba. Zithunzi za mwezi woyamba sizikuuzani kanthu, chifukwa nthawi imeneyo chipsera chimakhala chisanayambe kuonetsa khalidwe lake.

Naphiri anayankha:

Achemwali, ine ndili mbali inayo, ndipo ndaona kuti ndi bwino mumvenso mawu a munthu amene anafika pakhomo n'kubwerera. Ndinaonda nditachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ndipo mikono yanga ndi yofanana ndi imene mwafotokozayi, mwinanso kuposa. Ndili ndi keloid pachifuwa amene anayamba ndi kachiphuphu chabe, ndi wina paphewa pamene anandibaya katemera ndili mwana.

Dokotala woyamba amene ndinaonana naye sanafunse n'komwe za zipsera zanga. Anayang'ana mikono kwa mphindi zochepa, n'kuyamba kundiuza masiku amene ali ndi mpata, ndipo nditamuonetsa pachifuwa anangoti zimenezo tidzaziona pambuyo pake. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba. Wachiwiri anandivulitsa malaya, anagwira chipsera chilichonse ndi chala, anafunsa za mayi anga ndi abale anga, kenako anatenga cholembera n'kujambula mzere kuchokera m'khwapa mpaka pachigongono. Anandiuza kuti ndiyang'ane pagalasi ndipo ndiyerekeze kuti mzere wonsewo watukuka ngati chala, ukuyabwa ndi kubaya ngati mmene amachitira wa pachifuwa uja. Anati iye akhoza kuchita opaleshoniyo ngati ndaumirira, koma maganizo ake ndi akuti ndisachite. Ndinakhala ndi mzere wa inki uja masiku awiri osausamba, ndipo pofika tsiku lachitatu ndinali nditadziwa yankho langa.

Sindikunena kuti inunso muleke, chifukwa keloid mmodzi pakhutu ndi wosiyana ndi awiri anga amene anamera pa mabala osaoneka n'komwe. Ndikungofuna mudziwe kuti vuto la kusupuka lili ndi njira zina. Ine ndimaumitsa bwino m'mapindo a khungu ndikasamba, ndimapaka mafuta oteteza khungu otchedwa zinc oxide kunja kukatentha, ndipo pamene panachita zidzolo zofiira zonyowa anandipatsa mankhwala opaka opha mafangasi, n'kupola m'masabata awiri. Kuntchito ndimavala zothina za m'mikono pansi pa malaya, ndipo zimaletsa kugwedera kumene mwatchula kuja. Masiku ena ndimaima pagalasi n'kukoka khungu ndi dzanja linalo kuti ndione mmene mkono ukanaonekera, ndipo sindinganame kuti sindisirira.

Nasibeko anayankha:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa chopatula nthawi yanu n'kundifotokozera mosabisa. Nditawerenga zimene mwalemba, Mayi Nabanda, ndinapita kuchipinda n'kudziyang'ana monga mwanenera. Chipsera cha katemera n'chosalala, ndipo cha opaleshoni ya mwana wanga wachiwiri n'chakuda ndi chotambalala pang'ono koma sichinatukuke ndipo sichinapitirire malire ake. Ndinaimbiranso mkulu wanga, ndipo wandiuza kuti nayenso ali ndi chotupa ngati changachi pakhutu, koma anachitidwa maopaleshoni awiri a pamimba popanda vuto. Ndikudziwa kuti zimenezi si chitsimikizo, komabe ndili ndi zoti ndikamuonetse dokotala m'malo mongopita ndi mantha okhaokha.

Za liposuction ndazisiya, chifukwa ndayesa kutsina monga anachitira dokotala wa Mayi Nangozo ndipo zala zanga zikukumana. Ndaganiza zodikira mpaka sikelo ikwanitse chaka ili pamodzimodzi, ndipo m'miyezi imeneyi nditsatira malangizo a Bambo Mwale, kuphatikizapo zithunzi zija. Ndikadzayamba kuonana ndi madokotala ndidzaonana ndi awiri kapena atatu, ndipo ndidzapempha kuti andijambule mzere wa inki ngati mmene anachitira ndi inu, Mayi Naphiri, ndikaime nawo pa bolodi tsiku limodzi lathunthu.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa Mayi Nangozo. Kodi munatha kukweza mkono mpaka m'mwamba popanda kumva kukokeka m'khwapa patapita nthawi yaitali bwanji?

Nangozo anayankha:

Anandilola kuyamba kukweza mikono kupitirira mapewa pang'onopang'ono m'sabata yachinayi, ndipo wakumanzere unafika m'mwamba bwinobwino pofika sabata yachisanu ndi chitatu. Wakumanja, umene unatseguka m'khwapa uja, unatenga pafupifupi miyezi inayi, ndipo ndinkachita kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba m'mawa ndi madzulo monga anandiphunzitsira wa zolimbitsa mafupa ndi minofu kuchipatala. Mudzamufunse dokotala wanu mmene adzadutsitsire bala m'khwapa, chifukwa mzere wowongoka ukadutsa pamenepo ukhoza kufupika pochira n'kumakoka ngati chingwe, ndipo n'chifukwa chake ena amaukhotetsa ngati chilembo cha Z kapena L. Mudzamuuzenso dzanja limene mumalembera.